Klatchi kaye, giya pambuyo: mmene ubongo umasanjira zochita za thupi

Dalaivala wa minibasi ya ku Area 25 akamasintha giya, phazi lamanja limachoka pa mafuta, lamanzere limaponda klatchi, dzanja lamanzere limakankha giya, kenako klatchi imabwerera pang'onopang'ono uku mafuta akuwonjezeka. Zonsezi zimatha m'sekondi imodzi kapena ziwiri, mwiniwake ali pakati pocheza ndi kondakitala. Chimodzi chikangofulumira, giya imakukuta kapena injini imazima. Ntchito zake ndi ziwiri: kudziwa choyamba ndi chotsatira, komanso kudziwa kamphindi koyenera ka chilichonse. Ubongo umazigwira m'zigawo zosiyana, n'chifukwa chake zimawonongekanso mosiyana.

Kale akatswiri ankaganiza kuti chochita china chikatha, uthenga wochokera ku minofu ndiwo umadzutsa chotsatira. Mu 1951 Karl Lashley, katswiri wa za ubongo wa ku America, anatsutsa zimenezi. Zala za katswiri wa piyano zimathamanga kwambiri moti sizingadikire yankho pa chala chilichonse. Onaninso zolakwika za polemba pa kompyuta: chilembo choyenera kubwera pambuyo chimalumphira kutsogolo, kusonyeza kuti chinali chokonzeka kale, chikungodikira mpata wake.

Kusanjako kumachitika makamaka pamwamba pa ubongo, chapakati, m'chigawo chotchedwa supplementary motor area. Mu 1994 Jun Tanji ndi Keisetsu Shima a ku Japan analengeza zimene anapeza pa anyani amene anawaphunzitsa kukankha, kukoka ndi kupotokola chogwirira m'ndondomeko zosiyanasiyana. Maselo ena ankatakataka nyani asanasunthe n'komwe, koma pokhapokha ngati ndondomeko ikubwerayo inali inayake. Ena ankagwira ntchito pakati pa zochita ziwiri zokha, monga kukankha kukatha, kukoka kusanayambe. Lamulo lenileni lopita ku minofu limachokera ku motor cortex, chigawo choyandikana nacho cholamula minofu, n'kutsika ndi msana. Mitsempha yambiri imawolokera mbali inayo kunsi kwa ubongo, choncho sitiroko ya kumanzere kwa ubongo imafooketsa mbali yamanja ya thupi.

Mkatikati mwa ubongo muli basal ganglia, amene amalola ndondomeko imodzi kuyamba n'kuletsa zinazo. Amamanganso zochita zambiri kukhala mtolo umodzi. Ann Graybiel wa ku yunivesite ya MIT ku America anaona kuti makoswe akazolowera njira, maselo a chigawochi amatakataka kwambiri poyambira ndi pomalizira, pakati n'kukhala phee. Apa m'pamene wophunzira kuyendetsa amasiyana ndi wozolowera: woyambayo amaganizira zinthu zinayi, winayo chimodzi. Chigawochi chimadalira dopamine, mankhwala achilengedwe otumiza uthenga pakati pa maselo a ubongo, ndipo maselo opanga dopamine akamafa pamabwera matenda a Parkinson, amene James Parkinson anawafotokoza mu 1817.

Za nthawi, mwini wake wamkulu ndi cerebellum, kaubongo ka kunkhongo. Kulemera kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a ubongo wonse, koma maselo a mitsempha oposa theka ali mmenemo. Mukatambasula dzanja mwachangu kuti mutenge kapu, mnofu wokankha umayamba, mnofu wa mbali inayo umagwira buleki dzanja lisanafike, kenako woyamba uja umabweranso pang'ono kuti likhazikike. Buleki imeneyi iyenera kutumizidwa pasadakhale, chifukwa kudikira kuti diso lione n'kukonza kumadya nthawi yoposa gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Ikachedwa, dzanja limapitirira kapu, limabwerera, limapitiriranso. Mowa umasokoneza chigawo chomwechi, ndipo kudzandira kwa woledzera kumachokera pamenepa. Kumwa kwambiri kwa zaka zambiri kumachiwononga mpaka kalekale.

Chomvetsa chisoni n'chakuti odwala ambiri amene zigawo zimenezi zinawonongeka amanenedwa ulesi, mwano kapena kulodzedwa. Pambuyo pa sitiroko, makamaka ya kumanzere kwa ubongo, munthu akhoza kukhala ndi mphamvu m'dzanja koma n'kumatakasa m'kapu asanathiremo madzi, kapena kuvala nsapato sokosi zili m'manja. Vutoli limatchedwa apraxia, ndipo kukalipa sikulichiza. Muyalireni zinthu motsatana mmene zigwirire ntchito, chotsani zosafunika patebulo, nenani chochita chimodzi m'mawu ochepa, ndipo ndondomekoyo isasinthe tsiku ndi tsiku. Mawu akakanika, gwirani dzanja lake mulitsogolere.

Wa Parkinson ndondomeko amaidziwa, chomuvuta n'kuyamba. Amafika pakhomo mapazi n'kumatirira pansi. Musamukoke, angagwe. Muwerengereni mokweza, muombereni m'manja mwakayendedwe kamodzi, kapena jambulani mizere ndi choko pansi, yotalikirana ngati sitepe yake, kuti aziidutsa umodziumodzi poyenda. Chizindikiro chochokera kunja chimathandiza ubongo kudutsira njira ina, yosadalira kwambiri chigawo chodwalacho. Mankhwala a levodopa amwedwe pa maola amene adokotala ananena, chifukwa akatha mphamvu kumatirira kuja nthawi zambiri kumabwerera.

Poyeza cerebellum, adokotala amauza munthu kukhudza mphuno yake kenako chala chawo mobwerezabwereza, kapena kutembenuza chikhatho pantchafu mwachangu, pansi ndi m'mwamba. Akakhala ndi vuto, kugunda kwake kumasowa muyeso. Ochita fiziyo amayamba ndi zochita zazifupi zapang'onopang'ono, liwiro limabwera pambuyo, ndipo kubwereza pang'ono tsiku lililonse kumaposa kudzitopetsa tsiku limodzi, pakuti tulo timathandiza kukhazikitsa zimene thupi laphunzira.

Zonsezi ndi za vuto lodziwika kale. Koma kudzandira, kupindika kwa kamwa, kufooka kwa mkono kapena kusokonekera kwa mawu zikayamba mwadzidzidzi, ngakhale zitatha zokha patapita mphindi zochepa, musadikire kuti kuche. Pitani naye ku Kamuzu Central kapena chipatala chapafupi nthawi yomweyo, ndipo mukawauze ola lenileni limene zinayambira.