Hatchi yauma miyendo Lolemba m'mawa

Bwana wathu adaonera pa YouTube mpikisano wa Prix d'Amérique, uja wa ku Vincennes mu Paris, wa mamita 2,700, hatchi zikukoka tingolo ta mateyala awiri. Kuyambira pamenepo mtendere pakhola lathu, pafamu ina mbali ya Thondwe, udatha. Akufuna Nyenyezi, hatchi yaikazi yomwe ndakhala ndikuikonza, izithamanga trot (kathamangidwe komwe mwendo wakutsogolo umayendera limodzi ndi wakumbuyo wa mbali inayo) ngati zimenezo alendo awo akabwera.

Ndidawafotokozera mwaulemu. Za kunjazo ndi za mtundu wa French Trotter kapena Standardbred, zobadwira ntchitoyo. Ku America kale kuti hatchi ilembedwe m'kaundula wa Standardbred inkayenera kumaliza mailosi imodzi m'mphindi 2 ndi masekondi 30. Ngakhale zimenezo masiku ambiri zimangothamanga pang'onopang'ono mtunda wautali, liwiro lenileni n'kawiri pasabata, chifukwa mtima ndi mapapo zimazolowera msanga pomwe mitsempha ndi mafupa zimafuna miyezi. Anangoti, "Iwe, ingoidyetsa bwino."

Loweruka ndi Lamulungu ndinali ku maliro ku Domasi. Ndinasiya nditalemba pakhoma: hatchi yopuma, madeya theka, udzu wambiri, ituluke m'khola. Bwana analamula mnyamata kuti aiwonjezere madeya ndi chimanga chogaya kuti "ikhale ndi mphamvu", n'kuitsekera masiku onse awiri poopa kuti ingadzipweteke kubusa. Mnyamata wa ganyu angatsutse bwanji mwini wake?

Lolemba, nditafika anali ataitulutsa kale. Isanamalize n'komwe kuzungulira bwalo, mayendedwe anafupika, miyendo yakumbuyo ikukokeka, thukuta lili kamukamu ngakhale dzuwa linali lisanapse. Kuigwira m'matako, minofu ili gwa ngati thabwa, ikunjenjemera. Mtima wa hatchi yopuma umagunda pakati pa 28 ndi 44 pamphindi. Wake unali kutali ndi pamenepo ndipo sunkatsika. Itakodza, mkodzo wakuda bii. Anzanga a ntchitoyi mukudziwa, ndi tying-up, kuuma kwa minofu komwe kumakonda kugwira hatchi yomwe yadya kwambiri ili yotsekeredwa n'kuyambanso ntchito. Minofu ikuwonongeka, ndipo zotulukamo zikupita ku impso.

"Iyendetseni ifewe," anatero bwana.

"Ayi bwana, pepani, iyi sisuntha pano."

Ndinakana pamaso pa antchito onse, nkhope ya bwana n'kusintha. Tinaimangira mthunzi wa matumba pomwepo, ndowa ya madzi pakamwa. M'kabati munali bute, mankhwala ochepetsa ululu, koma kuipatsa hatchi yopanda madzi m'thupi ndiko kumaliza impso, ndiye sindinaikhudze. Dokotala wa ziweto wodziwa hatchi anayenera kuchokera ku Blantyre, ndipo anali pamzere wa mafuta. Anafika dzuwa litapendeka. Madzi a dripu omwe ndakhala ndikupempha kuti tizisunga panalibe, hatchi imafunanso malita ambirimbiri, osati kathumba kamodzi ka munthu. Anaimwetsa kudzera m'chubu cha m'mphuno. Ndinagona pa mabelo a udzu, tochi m'manja, kudikira mkodzo wotsatira. Unayamba kuyera cha kum'bandakucha.

Zina zonse za sabatayi n'zamasiku onse. Kusenga ziboda, kuchotsa nkhupakupa, kuyendetsa hatchi zinazo m'mamawa kutentha kwa Okutobala kusanayambe. Lachinayi ndinakumbutsanso za katemera wa matenda oopsa a hatchi a African horse sickness wochokera ku Onderstepoort, South Africa. Ndi mabotolo awiri otalikirana masabata atatu, ndipo hatchi yobaidwa sigwira ntchito yolemetsa kwa kanthawi. Mvula ikagwa tizilombo toluma madzulo tija, tofalitsa matendawa, tichuluka, ife tisanabaye ndi imodzi yomwe. Yankho la bwana: ndalama zakunja zikuvuta. Koma chishalo chatsopano chafika.

Nyenyezi tsopano ikudya udzu wokhawokha, ikuyenda pang'ono ndili nayo pachingwe, tikudikira zotsatira za magazi. Lachisanu bwana anaima pakhomo la khola n'kufunsa ngati ikhala itachira pofika Loweruka la mawa, alendo akubwera. Ndawauza kuti alendowo akwere bulu.