Sabata yoyendera thandizo la makampani m'sukulu za kuchigwa cha Shire

Ntchito yathu ndi kulondoloza ndalama zimene makampani amapereka zothandizira maphunziro, kuti zifikedi kwa mwana. Sabata ino tinali pa thandizo la kampani ina: buloko ya makalasi awiri, madesiki 60 ndi ufa wa phala wa teremu imodzi, pa sukulu ya pulaimale ya kufupi ndi Ngabu.

Lolemba tinakhala pansi ndi a ofesi ya maphunziro pa boma la Chikwawa pamodzi ndi a PEA, mlangizi wa sukulu za pulaimale, a zoni imeneyo. Popanda iwowa, thandizo limangounjikana m'sukulu za m'mbali mwa msewu wa M1, kumene galimoto ya alendo imafika mosavuta, pamene ana a ku East Bank, kutsidya kwa mtsinje wa Shire, akuphunzirira pansi pa mtengo.

Lachiwiri linathera pa maziko, ndipo apa ndi pamene timakangana kwambiri ndi opereka ndalama. Pulani imene amajambula ku Blantyre kapena kunja siiganizira dothi la makande. Dothili likamwa madzi limafufuma, likauma limang'ambika ming'alu yoti dzanja n'kulowa. Mukakumba maziko osaya, khoma limatsatira ming'aluyo zisanathe zaka zingapo. Tinauza kontilakitala kuti akumbe mpaka apeze dothi lolimba, athire konkire ya zitsulo, ndipo pansi pa kalasi akweze kuposa pamene madzi anafika. Malire amenewo sitifunsa mu ofesi. Agogo a pamudzipo amakulozerani pa tsinde la mtengo: apa ndi madzi a 2015, apa a namondwe Ana mu 2022, apa a namondwe Freddy mu 2023. Madzi osakanizira simenti nawonso tinawalawa, chifukwa mijigo yambiri kuno imatulutsa amchere, ndipo mchere umachititsa dzimbiri zitsulo za m'konkire. Denga likhale lalitali, mawindo mbali zonse ziwiri. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye malata akakhala pafupi ndi mutu ana amayamba kuwodzera nthawi ya buleki isanakwane.

Zonsezi zimadya ndalama, koma sizioneka pa chithunzi. Chimbudzinso sichioneka. Pa bajeti panalibe chimbudzi ngakhale chimodzi, komatu mtsikana wa Sitandade 7 akasowa chipinda chosinthira ndi madzi pa masiku ake a kumwezi, amakhala kunyumba, kalasi ikongole bwanji. Dzenje la chimbudzi liyenera kumangiridwa m'kati kuchokera pansi, apo ayi limagumuka ndi mvula yoyamba.

Lachitatu tinalandira madesiki. Asanu ndi awiri tinabweza: kuwotcherera kunali kongogusa, matabwa anali aawisi.

Lachinayi kunali msonkhano wa komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi (PTA), gulu la amayi ndi a gulupu, m'Chichewa chosakanikirana ndi Chisena. Nkhani inakula pa phala. Kampani imagula ufa wa Likuni Phala basi, koma wophika, nkhuni, madzi, makapu ndi chipinda chosungiramo zimatsalira mudzi. Masamu ake ndi awa: mwana mmodzi akamapatsidwa magalamu 100, ana 800 amatha makilogalamu 80 pa tsiku, 400 pa sabata. Phala likangoyamba, kaundula amakwera chifukwa ndi aang'ono omwe amatsatira akulu awo, ufa n'kutha teremu ili pakati. Mayi wina wa m'gululo anafunsa amfumu mwaulemu: "Gogo chalo, nanga ufa ukatha tidzawauza chiyani anawa?" Anagwirizana zoti midzi iziphika mosinthana, mwana aliyense azibwera ndi kapu yake, matumba aikidwe pa matabwa osakhudza khoma, ndipo makiyi akhale awiri, wina kwa a hedi, wina kwa wapampando wa komiti. Funso la mayi uja tinalilemba mu lipoti momwe analifunsira.

Tinakambirananso za madzi osefukira. Sukulu za kuno zimasanduka misasa, ndipo anthu akasowa nkhuni madesiki amathera pamoto. Tsopano pali mgwirizano wolemba: kalasi imodzi izitsekedwa, madesiki ndi mabuku ali m'katimo pamwamba.

Lachisanu ndi la malisiti ndi lipoti. Tinapempha zinthu zitatu. Ndalama zomangira zizifika pofika Meyi, chifukwa zobwera mu Disembala zimapeza misewu yaduka, mchenga uli pansi pa madzi. Bajeti izikhala ndi kagawo kapadera ka kukwera kwa mitengo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa simenti unasiya kugwirizana ndi zimene zinalembedwa pa mapepala. Chachitatu, ndalama ya mwambo wodula riboni, matisheti ndi chikwangwani ipite ku zimbudzi za atsikana. Yankho la kampani tikuliyembekezera Lachitatu likudzali, ndipo kontilakitala sathira konkire mpaka litabwera.