Kapinga wauma, thundu waphuka: za pabwalo langa mwezi uno

Papita miyezi itatu ndisanalembe za pabwalo, ndipo ena mwakhala mukufunsa ngati kamtengo kaja kanafa. Kali moyo. Lero m'mawa ndakayeza ndi tepi ndipo kafika masentimita 64, kuchoka pa 41 pamene ndinkakadzala mu Disembala chaka chatha. Kapinga ndiye ali mbuu ngati mphasa yakale, kupatula pafupi ndi mpopi pomwe ana amatsukira mbale.

Kwa amene mwangoyamba kumene kuwerenga: ndimakhala ku Matawale, ku Zomba, ndipo kutsogolo kwa nyumba kuli kabwalo ka mamita 12 m'litali ndi 8 m'lifupi. Ndinadzalapo kapinga wamba, yemweyu alimi amamutukwana m'munda, amene akatswiri amamutcha Cynodon dactylon. Pakona ndinaikapo mbande ya mtengo umene azungu amati oak, womwe m'Baibulo lathu amaulemba kuti thundu. Anandipatsa ndi mkulu wina wopuma pantchito amene amakhala kumtunda, njira yopita ku Chawe. Anafesa yekha m'machubu ndipo anati ndi mtundu wa ku Ulaya, Quercus robur, womwewo wadzaza m'misewu ya Stellenbosch ku South Africa, tawuni imene mpaka amaitcha Eikestad chifukwa cha mitengoyi. Musausokoneze ndi silky oak amene timamuona m'masukulu ndi m'minda ya khofi. Uyo ndi Grevillea wa ku Australia, sayoyola masamba onse, ndipo alibe chibale ndi thundu.

Vuto langa chaka chonse chino linali limodzi. Ndinkasamalira zinthu ziwirizi ngati ana a mimba imodzi. Kheni yomweyo, feteleza yemweyo, tsiku lomwelo.

Kapinga sasunga mawu kukhosi. Ndinadzala timapesi tokumba kumbali kwa msewu, motalikana ngati phazi limodzi, mvula itangokhazikika, ndipo pofika kumapeto kwa Malichi dothi silinkaonekanso. Amayanga pamwamba ngati maungu, mfundo iliyonse ikakhudza dothi imatulutsa mizu, komanso ali ndi mapesi ena oyenda pansi pa nthaka. Ukamuwaza Urea Loweruka mvula ikugwa, pofika Lachinayi wasintha mtundu. Ukamutchetcha ndi chikwakwa sakwiya, chifukwa iye amakulira kutsinde, pafupi ndi dothi, osati kunsonga. Chimene chikwakwa chimachotsa ndi tsamba lakale. N'chifukwa chake ng'ombe zimamudya chaka ndi chaka koma satha.

Thundu ayi. Iye amakulira kunsonga kwa nthambi, pa timaso tija, ndipo kunenepa kwake kumachitika pa kachigawo kopyapyala kamene kali kuseri kwa khungwa. Chakudya chochokera m'masamba chimatsikira ku mizu kudzera momwemo. Izi ndinaziphunzira mtima uli m'mwamba mu Febuluwale, pamene mnyamata amene amandithandiza kutchetcha anapitiriza chikwakwa n'kusupula khungwa mbali imodzi, pafupi ndi dothi. Iye anangoti, "Kaphukanso bwana, si mtengo?" Anali kuganiza za kapinga. Chilondacho chikanazungulira tsinde lonse, bwenzi lero ndikulemba za maliro. Mpaka pano chipsera chikadalipo, milomo yake ikutsekeka pang'onopang'ono kuchokera m'mbali. Kuyambira tsiku limenelo udzu wa pafupi ndi mtengo ndimazula ndi manja ndekha.

Ndiye kunabwera Juni ndi Julayi, ndi chiperoni chake chija chimene chimaphimba phiri masiku atatu osaona dzuwa. Kapinga anangoima. Sanaume nthawi yomweyo, koma chikwakwa chinakhala pakhonde milungu isanu ndi umodzi osachigwira. Udzu umenewu ndi wa gulu limodzi ndi chimanga, mapira ndi nzimbe, zomera zimene asayansi amazitcha C4. Masamba ake ali ndi njira younjikira mpweya wa carbon dioxide mkati, moti amapanga chakudya mwamsanga dzuwa likamaswa mtengo, osataya madzi ambiri. Amakondwa kutentha kukakhala pakati pa madigiri 25 ndi 35. Kukazizira makina akewo amafooka, ndipo kumayiko kumene kumatsika pansi pa madigiri 10 kwa nthawi yaitali amafiira yense n'kugona. Kuno kutawuni, pamalo okwera pafupifupi mamita 900 kuchokera pa nyanja yamchere, kuzizira kwathu kumangomuchedwetsa. Chimene chimamuumitsa kwenikweni ndi ludzu.

Thundu ndi wa gulu lina limene amalitcha C3, limodzi ndi nyemba, mpunga ndi tirigu. Kwawo ndi kozizira. Masamba ake anayamba chikasu kumapeto kwa Meyi, kenako anasanduka ofiirira ngati fodya. Ine ndinaona ngati ndi ludzu, ndiye ndinawonjezera madzi, makheni awiri tsiku lililonse. Palibe chinasintha. Ndinathira Urea pang'ono, poti kwa kapinga amagwira ntchito. Palibe. Pakati pa Julayi kanatsala kandodo chabe, ndi masamba asanu ouma amene anakakamira osagwa.

Mayi a kunyumba anatuluka m'mawa wina ndi dengu la zochapa n'kuima pamenepo. "Abambo, kamtengo kanu kaja kapita. Bwanji osangodzala mango ngati anzanu?" Sindinayankhe. Atalowa ndinakanda khungwa ndi chikhadabo, mkati munali mobiriwira. Madzulo ndinamuimbira mkulu uja. Anaseka mpaka kutsokomola. "Achimwene, musiyeni agone. Madziwo muoletsa nawo mizu." Anafotokoza kuti mtengowu suyoyola masamba chifukwa cha ludzu. Umaona kufupika kwa usana ndi kuzizira, n'kuyamba kubweza zofunika kuchokera m'masamba kupita ku tsinde ndi mizu, kenako n'kutseka polumikizira tsamba. Ndipo mitengo yaing'ono ya mtunduwu imakonda kusunga masamba ouma mpaka atsopano atawakankha. Urea uja ndinangodyetsa kapinga amene anali atalowerera kale mpaka patsinde.

Apa ndiye panali nkhani ina. Nditakumba mozungulira ndi kakhasu ndinapeza mapesi a kapinga atalukana ngati nkhata, kuya kwake kupitirira chikhatho. Madzi onse amene ndinkati ndikupatsa mtengo ankayamba kumwa ndi iyeyo. Thundu wamng'ono amaika mphamvu zake pa muzu umodzi waukulu wolunjika pansi, koma timizu take tomwera tili pamwamba pomwepo pamene kapinga walanda. Ndinalambula bwalo la mita imodzi kuzungulira tsinde, ndikusefa dothi ndi zala, poti kachidutswa kamodzi kokhala ndi mfundo kakatsala kamaphukanso. Patatha milungu iwiri ndinapezamo tina tinayi. Ndinayalapo masamba ouma, chiswe chinabwera, ndinawachotsa pafupi ndi khungwa n'kusiya mpata wa chikhatho chimodzi, ndipo ndimayang'anapo m'mawa uliwonse ndisanapite ku ntchito.

Chimene chandisangalatsa kwambiri chachitika mu Sepitembala. Mvula sinagwe ngakhale dontho, fumbi lili koboo, kapinga wauma gwaa, koma timaso ta thundu tinayamba kutupa. Pa 9 kamodzi kanang'ambika. Pofika pa 20 panali masamba khumi ndi awiri, ofewa, ofiirira pang'ono, m'mbali mwake mokhotakhota ngati anadula ndi sizasi munthu wosewera. Nthambi imodzi ya kumunsi inachedwa ndi milungu iwiri, ndipo ndikuganiza kuti kuzizira kwa kuno sikuukwanira bwino mtengowu. Kumtunda kwa phiri, kumene kumapitirira mamita 1,800, ukanamva ngati uli kwawo. Koma pamene ndinkadabwa kuti mtengo ungaphuke bwanji popanda mvula, ndinakumbukira kuti mombo ndi tsamba m'nkhalango zathu zimachita zomwezo chaka chilichonse, masamba ofiira aja a mu Sepitembala ndi Okutobala, mvula isanaganize n'komwe. Ndakhala ndikuwaona kuyambira ndili mwana popita kumudzi, osafunsa kuti madzi akuwatenga kuti. Mtengo umadya nkhokwe ya chaka chatha. Kapinga nayenso ali ndi nkhokwe m'mapesi ake a pansi aja, koma sayitsegula mpaka dothi litanyowa.

Kuthirira kapinga ndasiya. Bilu ya madzi ya Ogasiti inandiphunzitsa, ndipo chaka chatha ndinaona pa bwalo la mpira la pafupi ndi kwathu kuti mvula yoyamba ikangogwa, sabata isanathe pamakhala pobiriwira. Thundu ndimamupatsa kheni imodzi ya malita 10 kawiri pa sabata, madzulo, pang'onopang'ono kuti alowe pansi. Mu Epulo masamba ake anagwidwa ndi kanthu koyera ngati ufa, nthenda imene imakonda mtunduwu, choncho pothirira sindinyowetsanso masamba.

Pali chimodzi chimene sindinachiganizire podzala. Kapinga sapirira mthunzi. Pitani pansi pa mitengo ikuluikulu ya ku Botanical Gardens, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, muone mmene udzu umapyapyalira dzuwa likamachepa. Thundu akakula amatambasula nthambi kuposa kabwalo kanga konse, ndiye tsiku lina mmodzi adzagonja, ndipo ndi kapinga. Koma mtengowu umatenga zaka makumi angapo usanabale ndi mbewu zomwe, pamene ine ndapitirira kale zaka 40. Aneba anga akuti ndiusamutsire kumudzi usanazike kwambiri. Ndayeza kuchokera patsinde kufika pakhoma la nyumba ndapeza mamita 7, ndipo kufika pa chingwe choyanikira zovala mamita awiri okha. Mayi anena kale kuti chingwecho sichisuntha.

Ngati ndingausamutse, nthawi yake ndi Julayi wa chaka chamawa uli mtulo, osati pano pamene masamba ali anthete. Pakadali pano ndanola chikwakwa ndipo ndagula makilogalamu awiri a Urea kumsika, ndamangira m'pepala pamwamba pa kabati. Dzulo madzulo kunagunda kumbali ya Mulanje, koma kuno sikunagwe kanthu.