Deti la ngongole lisamasinthe

Pa kagolosale kanga ku Area 25 ngongole zonse ndimalemba mu Excel. Poyamba ndinkaika =TODAY(), fomula yolemba deti la tsikulo, pa mzere uliwonse, osadziwa kuti imasintha yokha ukatsegula fayilo tsiku lina. Mayi ena atabwera kudzalipira shuga amene anatenga mwezi watha, pakompyuta panaoneka deti la tsiku lomwelo. Tinatsala pang'ono kukangana, chonsecho mayiwo sanalakwe chilichonse. Zinandiwawa kwambiri.

Pano ndimadina Ctrl ndi batani la semikoloni (;) nthawi imodzi, deti limalowa n'kukhazikika. Ndikafuna ola, ndimawonjezerapo Shift. TODAY ndinangoisiya m'kabokosi kamodzi pamwamba, kuti izindiwerengera masiku amene ngongole yakhala. Wotchi ya kompyuta nayonso ndimaiyang'ana m'mawa uliwonse, chifukwa Excel imatenga deti pomwepo.