Kofi Annan ndi kosi ya bajeti imene ndimaizemba

Dzulo usiku magetsi atathima kuno ku Kasungu ndinakhala ndi katochi pa asainimenti ya public policy, alekichala anati aliyense asankhe munthu mmodzi amene anagwira ntchito m'mabungwe akuluakulu a mayiko tione kuti anakwera bwanji. Ine ndinangotola Kofi Annan poti dzinali ndinkalimva pa wailesi ya agogo ndili mwana, mumtima ndikuti awa ndi aja amangoikidwa pampando chifukwa chodziwana.

Aaa ayi ndithu. Bambowa anayamba mu 1962 ku WHO, nthambi ya zaumoyo ya UN, ku Geneva pa giredi yotsika, ntchito yake bajeti ndi za muofesi basi, ndipo zaka zambirimbiri anangokhalira za ndalama ndi za antchito, mu 1974 anapitako kwao ku Ghana kukayendetsa kampani ya boma ya zokopa alendo, 1976 n'kubwereranso ku UN. Udindo wa mlembi wamkulu wa UN anaupeza mu 1997, patatha zaka 35, woyamba kuchokera mwa antchito a bungwelo eniake. Ine kosi ya bajeti ndimakhala kumbuyo n'kumatokosa WhatsApp, manyazi anandigwira.

Koma pomwe ndinakakamira ndi pa Rwanda. January 1994 General Dallaire, mkulu wa asilikali a UN ku Rwandako, anatumiza uthenga ku likulu la UN ku New York kuti kuli zida zobisidwa akufuna akazilande, ofesi ya Annan yoyang'anira asilikali osungitsa mtendere inamukaniza, akuti zimenezo sizili mu mandate, ntchito imene anatumidwa, angodziwitsa Pulezidenti wa Rwanda Habyarimana ndi akazembe. April kuphana kunayamba, anthu pafupifupi 800,000 m'masiku 100 okha. Munthu yemweyo ndi amene analandira Nobel mu 2001, yemweyonso mu 2008 anakhazika pansi Kibaki ndi Odinga Kenya ikuyaka. Ndiye ulemba kuti chani?

M'mawa ndinawafotokozera atsibweni, anali kalaliki kuboma kuno mpaka kupuma. Anasiya kaye kusankha fodya mu shedi muja n'kuti, "Mphwanga, kalata ikafika pa tebulo umatsegula buku la malamulo, nkhope za anthuwo sumaziona." Ndinafuna kuwatsutsa koma ndinangoti zikomo atsibweni, nanga nawonso ankalankhula ngati pali kalata ina imene ikuwapwetekabe.

Akufuna mawu 1,500, ndili pa 900, ndime ya Rwanda ndaifufuta katatu. Yopereka Lachisanu ndipo bando yatsala pang'ono kutha.