Gitala ya agogo a ku Katete

Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Chipata si ulendo wotopetsa. Minibasi imakutulani ku Mchinji, mumadinditsa chiphaso pamalire a Mwami, kenaka matakisi a mbali ya Zambia amakufikitsani m'tauni. Chipata ili m'chigwa, mapiri uku ndi uku, ndipo njinga zake n'zosawerengeka, zina zitanyamula anthu, zina matumba a makala. Ndinafikira kwa atsibweni anga ku Kapata. Ataona gitala kumsana kwanga anati, "Mawa tipite ku Katete ukamve mnzanga wina. Za kutchalitchi kwanuzo n'zabwino, koma pali zina."

Tinagwira msewu wa Great East Road, makilomita oposa 80, kudutsa pa Mtenguleni pamene Angoni a Mpezeni amachitira Nc'wala mu Febuluwale. Kunali kutakololedwa, minda ili mbee, mtedza uli pamikeka m'mabwalo. Mudzi wa mnzawoyo suli kutali ndi Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana pa Kulamba kumapeto kwa Ogasiti.

Mnzawoyo ndi agogo oimba gitala, ndipo tinawapeza pakhonde. Gitala yawo ndi yakalekale, khosi lake linapindika pang'ono, ndipo nsambo imodzi ndi waya wa buleki ya njinga. Anaikhwacha kamodzi dzanja lamanzere lili pabondo, osagwira paliponse, koma inalira kodi ya G yathunthu (kodi ndi mawu a nsambo zingapo olira pamodzi mogwirizana).

"Agogo, mwaichuna bwanji?"

"Bweretsa yakoyo, mdzukulu wanga, ndikuonetse."

Ambirife tinaphunzira machunidwe amodzi okha: E A D G B E, kuyambira nsambo yaikulu kutsikira yaing'ono. Iwo anamasula nsambo zitatu basi. Yachisanu ndi chimodzi, yaikulu ija, anaitsitsa kuchoka pa E kufika pa D, yachisanu kuchoka pa A kufika pa G, yoyamba, yaing'ono ija, kuchoka pa E kufika pa D. Zinatuluka D G D G B D, zimene oimba a kunja amazitcha Open G. Zilembozi ndikuika ndine, eni ake amangomvera khutu. Amadina nsambo, n'kung'ung'udza, n'kupotoza mpaka ziwirizo zitagwirizana.

Ubwino wake umaonekera pomwepo. Mukagoneka chala chimodzi pa fureti yachisanu (mafureti ndi tizitsulo topingasa pakhosi la gitala), kuphimba nsambo zonse, mwapeza C. Mukachisuntha kufika pa fureti yachisanu ndi chiwiri, mwapeza D. G, C ndi D ndiwo makodi atatu amene anyamula nyimbo zathu zambiri, za kalindula ndi makolasi a kutchalitchi omwe. Zala zina zimatsala zomasuka, ndiye agogowo chala chachikulu chakumanja chimayenda pa nsambo ziwiri zazikulu ngati munthu wosinja, pamene cholozera chikutola nyimbo m'munsimu. Mukatsinzina mumamva oimba awiri. Kenaka anatenga kabotolo, gitala n'kuigoneka pamiyendo, n'kumatsetsereka nako pa nsambo, kaimbidwe kamene akuluakulu amati hauyani. Zimatheka chifukwa botolo ndi lowongoka, ndipo m'machunidwe amenewa mzere wowongoka ndi kodi kale.

Ndinawafunsa za makodi achisoni aja, amene timati maina. Apa m'pamene pali ntchito, chifukwa chala chogoneka chimangopereka makodi osangalala okhaokha. Anandionetsa E maina: kusiya nsambo yaikulu osaikhudza, kudina yachinayi ndi yoyamba pa fureti yachiwiri, zinazo zilire zokha. Mukawonjeza chala pa fureti yoyamba ya nsambo yachiwiri, yasanduka C, ndipo C ameneyu kwa ine ndi wokoma kuposa wa pa fureti yachisanu, chifukwa G wa pansi amangolirabe. Nyimbo ya maliro ikafunika, amatsitsa nsambo ya B pang'ono, theka la sitepe, gitala yonse n'kukhala G maina.

Pali chifukwa china chimene sindinachiganizepo. Nsambo zomasulidwa sizikoka khosi la gitala mwamphamvu ndipo siziduka msanga, chinthu chofunika kwa munthu amene sitolo ya nsambo ili kutali naye. Mawu akakana kukwera m'mawa, satsutsana nawo: amatsitsa zonse pamodzi. Akafuna kukweza amamanga pensulo ndi mphira pakhosi la gitala.

Chimandiwawa n'chakuti anyamata ena a m'mudzimo, amene anaphunzira pa YouTube, akaigwira gitala imeneyi amati yasokonekera, n'kuyamba kuipotoza kuti ibwerere pa E A D G B E. Iwo amaloweza kaikidwe ka zala, ndiye zala zikakana kugwira amaona ngati cholakwa ndi cha mkuluyo. Chonsecho pa YouTube pomwepo pali azungu ambirimbiri akuphunzitsa Open G ndi machunidwe ena ngati Open D ndi DADGAD.

Tinadya nsima ya nkhwani wotendera, n'kuimba mpaka dzuwa kupendeka. Pobwerera atsibweni anandikumbutsa kuti Lamulungu ndili ndi kwaya. Ngati nanunso muyesa, pobweza nsambo zitatuzo muzikunga pang'onopang'ono, makamaka yoyambayo, kenaka muunikenso zonse zisanu ndi imodzi, chifukwa khosi likakokedwa zinazo zimatsika.