Mzinda wakale umene ndinaupeza pansi pa nyanja ya Malombe

Mu 1931 asodzi ena a ku England anavuula muukonde wawo nsonga ya mkondo yosemedwa kuchokera ku nyanga ya nyama, ali pakati pa nyanja ya North Sea. Akatswiri anadzatsimikiza kuti pamenepo kale panali mtunda wolumikiza Britain ndi Ulaya, womwe lero amautcha Doggerland, ndipo unamira zaka pafupifupi 8,000 zapitazo, madzi oundana atasungunuka n'kukweza nyanja za dziko lonse ndi mamita oposa 100. Ine, monga mphunzitsi wa jogalafe kuno ku Mangochi, nditawerenga zimenezi tulo tinandithawa, chifukwa nafenso tili ndi Malombe, nyanja imene inaphwa pamene mtsinje wa Shire unasiya kuyenda pakati pa 1915 ndi 1935, mpaka makolo athu ankalima pamene lero timaponya makoka.

Loweruka lina ndinapempha alamu anga, amene ndi asodzi, kuti anditenge pa bwato lawo, ndipo ndinavala tayi ndi nsapato zanga za ku tchalitchi, poti munthu wopeza mzinda wakale amayenera kuoneka bwino pa chithunzi. Tikupalasa, ndinawafotokozera alamu ndi anyamata awo awiri kuti nkhani ya chigumula si ya Nowa yekha, popeza mu 1872 katswiri wa zolemba zakale George Smith anawerenga phale ladongo la ku Mesopotamia lonena za Utnapishtim, amene nayenso anakhoma chombo n'kutulutsa mbalame kuti zikaone ngati madzi aphwa. Ndinaonjeza kuti akatswiri a sayansi William Ryan ndi Walter Pitman ananena mu 1997 kuti nthano zoterezi mwina zinayamba pamene madzi a Mediterranean anasefukira mu Black Sea cha m'ma 5600 BC, ngakhale kuti akatswiri ena amatsutsa. Mmodzi wa anyamatawo anangoti za Nuhu anaziphunzira kale ku madrasa, ndipo anandipempha kuti ndikhale pansi bwato lisatembenuke.

Pafupi ndi bango, nkhafi inagunda chinthu cholimba. Ndinatsika m'madzi ofika m'chiuno, n'kupapasa ndi phazi, ndipo ndinamva khoma la makona anayi, loongoka bwino, lokhala ndi mwala wafulati pamwamba pake. Mtima uli dididi, ndinakwera pamwalapo n'kulengeza mokweza kuti tapeza guwa la nsembe la anthu akale.

"Alamu, kodi anthu akalewo simenti ankagula kuti?" anafunsa motero alamu anga, koma ndisanayankhe mwalawo unasweka pakati, ndipo mwendo wanga wamanja unalowa m'dzenje mpaka m'ntchafu. Kunatuluka thovu lakuda ndi fungo limene silinafunikire katswiri aliyense kuti alimasulire.

Nthawi yomweyo mayi wina wachikulire amene ankatsuka mbale kumtunda anaimirira, manja ali m'chiuno. "Aphunzitsi, mukufunanji m'chimbudzi changa?" Anafotokoza, anthu ochuluka akumva, kuti anachimanga mwana wawo wa ku Joni, ndipo chinamira mu 2024 pamene madzi anakwera n'kulowa m'nyumba za m'mphepete mwa nyanja, ndiye iwo ankangodikira kuti madzi abwerere achifolere denga. Anyamata aja anandizula ngati chinangwa, akuseka mpaka misozi, koma nsapato ya kumanja inatsala momwemo.

Nkhaniyo inakafika kwa a mfumu madzulo ake, ndipo ngakhale ndinayesa kutchula Doggerland podziteteza, anagamula kuti ndigule thumba la simenti ndi kulipira mmisiri. Ndinabwerera pa kabaza nsapato imodzi ili m'manja, wakabazayo atandilipiritsa mtengo wowirikiza chifukwa cha fungo, ndipo Lolemba m'mawa ndinapeza ophunzira a Fomu 3 atajambula kale pa bolodi chingalawa chokhala ndi chitseko cha chimbudzi, munthu wovala tayi akusuzumira pa zenera.